Wojambula Amene Anakhala Pafumbi

Panali munthu wina, wojambula pa kompyuta ngati inu nomwe, amene dzanja lake linkadziwa matauni. Mukamuuza kuti ajambule msewu wa m'tauni m'mawa wa mwezi wa Juni, ankakuikirani chifunga choti mukachiyang'ana mumayamba kufunafuna juzi. Mukamuuza za Okutobala, ankathira fumbi lofiirira mumlengalenga mpaka kukhosi kukuumani. Anthu ankamutama, ndipo iye kutamidwako sankakukana. Analinso wamtali, wa mtundu uja wowerama polowa pakhomo.

Ntchito yake ankaiyamba bwino, osati ngati ena a inu amene mumathamangira utsi ndi kuwala nyumba zisanaime n'komwe. Choyamba ankalemba mzere umodzi wopingasa, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Umenewu ndi mzere wa maso, umene umasonyeza msinkhu wa pamene pali maso a munthu woona tauniyo. Pamzerepo ankaika kadontho, ndipo kuchokera pakadonthopo ankatulutsa mizere yomwazikira mbali zonse, n'kuidutsanitsa ndi ina mpaka zonse zitaoneka ngati ukonde. Makoma, madenga, mazenera ndi msewu ankazimanga motsata ukondewo. Akatero m'pamene ankasanjika pamwamba mitundu, mithunzi, utsi ndi chifunga, ukonde uja n'kubisika pansi.

Munthuyu anali ndi mayi ake okalamba, amene anawatenga kuti azikhala naye mumzinda. Mayiwo anathera zaka zawo zamphamvu pa katauni kena ka m'mbali mwa msewu waukulu. Ankaotcha chimanga. M'mawa uliwonse ankayala saka pansi, pafupi ndi khonde la sitolo yogulitsa nsalu, n'kusonkha mbaula, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa litapendeka. Chimanga chimenecho n'chimene chinamuphunzitsa mwana wawoyo sukulu. Koma patapita zaka msewu unakulitsidwa, masitolo a makonde aja anagwetsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo malonda anasamukira chakumtunda. Pa malo amene mayiwo ankawadziwa sipanatsale nyumba ndi imodzi yomwe.

Tsono maso a mayiwo anayamba kuchita mdima. Mdimawo unayambira m'mbali, n'kumalowera pakati pang'onopang'ono. Kuchipatala ananena mosabisa kuti anachedwa nawo matendawa, mankhwala angochedwetsa koma sangabweze. Mayiwo sanalire. Tsiku lina ali pamphasa pakhonde anangoti:

"Za padziko ndaziona, zakwana. Koma ndikanakonda nditaonanso pamalo panga paja kamodzi kokha, mdimawu usanatseke."

Mwana wawoyo anamva chisoni chachikulu, pakuti pamalopo panalibenso choona. Koma mumtima mwake anati: ine ndimamanga matauni a anthu ena ndi dzanja langali, ndilephere bwanji kumanga ya mayi anga?

Anaika pambali ntchito zina zonse. Anafunsa akuluakulu amene anakhalako kale, anafufuza zithunzi zakale m'mabanja, anakumba zonse zimene ankakumbukira ali mwana. Kenaka anakhala pa kompyuta n'kulemba mzere wa maso. Sanauganizire. Dzanja linangouika pamene linazolowera kuuika, pa msinkhu wa mwamuna woimirira pakati pa msewu. Anatulutsa ukonde wake, wowongoka, wopanda cholakwa. Anamanga sitolo ya nsalu ndi chitseko chake chobiriwira, anamanga chigayo, anaika telala pakhonde ndi makina ake, anaika malo okwerera basi ndi phiri kumbuyo kwake. Pomaliza anathira kuwala kwa madzulo ndi fumbi lopyapyala, moti chithunzicho chinkaoneka ngati chikupuma.

Abambo ena amene anakulira kukatauniko atachiona anagwira pakamwa. Anati ndi pomwepa, palibe chasowa. Wina anachita kupukuta misozi. Wojambula uja mtima unakhala pansi. Anakachisindikiza pa pepala lalikulu, n'kubwera nalo kunyumba. Iye anakhala pampando wake pakhonde, mkazi wake n'kugwira pepalalo patsogolo pa mayi aja.

Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu uku ndi uku kuti apezerepo pamene maso ankaonabe. Kenaka anamwetulira.

"Ndi tauni yokongola, mwana wanga. Ndi ya kuti?"

Mawu amenewa anamulasa. Anabwerera pa kompyuta, ndipo apa anachita zimene mumachita inu chithunzi chikakana: anayamba kuthira mchere wambiri mu ndiwo zosapsa. Anati mwina mitundu yachepa mphamvu, anaionjezera. Anati mwina zilembo za pasitolo n'zazing'ono, anazikuza. Anathira utsi wina, anasintha dzuwa, anachotsa fumbi, analibwezeranso. Pomaliza anawajambula mayi akewo pambali pa khonde, atakhala pasaka ndi mbaula yawo, kuti akadziona okha adziwe kuti ndi kwawo.

Mayiwo anamuyang'ana mzimayi wa pachithunziyo n'kupukusa mutu.

"Mayi ameneyu akuvutika ndithu, dzuwa lonseli," anatero.

Koma ataona nkhope ya mwana wawo yagwa, anasintha msanga.

"Eya, ndaona tsopano. Ndi pomwepa. Wachita bwino, bambo wanga."

Iye anadziwa kuti akungomutonthoza. Mayiwo ankachiyang'ana chithunzicho monga munthu amayang'anira kalendala ya pakhoma la eni ake. Ndipo masiku ankapita, mdima uja ukuyandikira pakati.

Tsiku lina masana mkazi wake anali kumsika, ndiye panalibe wogwira pepala. Wojambula uja anafuna kuyesanso. Anatsika pampando n'kugwada, kuti aliyandikitse pepalalo ku diso lakumanja limene linkaonako bwino. Maondo atayamba kuwawa, anangodziponya pamphasa pambali pa mayi ake.

Chikhalireni m'nyumba imeneyo anali asanakhalepo pansi. Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Bambo akangofika, wina amathamanga ndi mpando. Pamaliro, pachinkhoswe, pamsonkhano wa m'mudzi, abambo pamipando, amayi pamphasa. Iye atakula mpando unamupeza, maso ake anakwera, ndipo sanatsikenso.

Atakweza mutu anadabwa. Tebulo limene ankadyerapo tsiku ndi tsiku ankaliona kunsi kwake, kuli matabwa osapala ndi ndodo zopingasa. Denga la khonde linali litathawira kumwamba, ndipo m'ngodya mwake munali chisa cha mavu chimene anali asanachionepo. Zenera linali pamwamba pa mutu wake. Mpanda unali utameza nyumba zonse za kutsidya zimene ankaziona akakhala pampando. Bwalo lalikulu la panyumbapo linangotsala kachigawo kopyapyala. Mkazi wake atalowa pageti, iye anayamba kuona mapazi, kenaka chitenje, kenaka kunsi kwa dengu, nkhope ili kutali kumwamba.

Nyumba inali yomweyo, koma sinali imene iye ankaidziwa. Anayang'ana pepala lija, anayang'ana mayi ake, ndipo anazindikira. Tauni imene anajambula inali yoona, koma inali tauni ya anthu oimirira. Mayi ake anali asanaionepo. Iwo zaka zonse zija anaiona ali pasaka, maso ali pa msinkhu wa ntchafu za odutsa.

Madzulo dzuwa lisanalowe anamufotokozera mkazi wake, n'kumuuza kuti ayambanso.

"Bambo a Lonjezo, simungangotsitsa mzerewo, zinazo n'kuzisiya mmene zilili?" anafunsa mkaziyo.

Sizitheka, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake, kapena mukanadziwa mukanamamvetsera. Mzere wa maso ukatsika, palibe chotsala pamalo pake. Denga limene unkaliona m'mbali umayamba kuliona kunsi. Tebulo la telala limene unkaliona pamwamba limakubisira zonse zili pamenepo. Msewu umafupika, zipilala zimatalika, khoma lililonse limapendekera kwina. Chithunzi chonse chimapachikika pa mzere umodziwo. Iye anamuuza mkazi wake zimenezi.

Mkaziyo sanali wouma mtima. Ankawakonda apongozi akewo, ndipo ndi iye amene ankawasambitsa ndi kuwathira mankhwala m'maso.

"Maso a amayi sakudikira inu," anatero. "Dzulo ndawaona akupapasa kufuna kapu, kapu ili patsogolo pawo penipeni. Avomera kale kuti ndi kwawo. Zisiyeni choncho, mtima wawo ukhale m'malo."

"Avomera chifukwa ndine mwana wawo. Sanaone."

"Nanga mukayambanso, mdima n'kutseka musanamalize?"

Mantha amenewo iye anali nawonso.

"Zikatero ndidzalira," anayankha. "Koma ichi chakanika kale. Ndikachisunga, ndiye kuti ndasankha kuti asaone."

M'mawa mwake anayatsa kompyuta, anachiyang'ana chithunzi chija komaliza, n'kuchifufuta. Chonse: kuwala kwa madzulo, fumbi, chitseko chobiriwira, ukonde womwe. Ndikuona ena mukupukusa mutu, mukuti bwanji osangochisunga pambali. Ankaudziwa mtima wake. Chikanakhalapo, nthawi ikamuthera akanabwerera kukatolako khoma apa, denga apo, n'kumazimata pa ukonde watsopano, ndipo akanatulutsa tauni yopanda mwini, yosakhala ya woimirira kapena ya wokhala pansi. Anafufuta kuti asakhale ndi kobwerera.

Tsiku lomwelo anakwera basi kupita kukatauni kuja. Anafika dzuwa lili paliwombo. Anayendayenda m'mbali mwa msewu watsopano mpaka anapeza, mu udzu pafupi ndi ngalande, sitepe ya simenti yosweka imene inali polowera m'sitolo ya nsalu. Pambali pake m'pamene mayi ake ankayala saka. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi buluku lake losita bwino, miyendo atatambasula kutsogolo monga amakhalira amayi ogulitsa malonda.

Anthu a kabaza amene ankadikira makasitomala pafupi anayamba kugwedezana.

"Abwana, mwadwala kapena mwalawako?" anafunsa mmodzi.

"Ndili pa ntchito," anayankha.

Anaseka mpaka kugwira njinga kuti asagwe. Iye manyazi anamugwira, makutu anatentha, koma sanadzuke. Anakhala pomwepo n'kumayang'ana. Anaona kuti aliyense wodutsa, wapafupi ndi wakutali yemwe, mzere wa maso ake unkamudula m'ntchafu. Anaona kuti matayala a njinga ankafika pa mzere womwewo. Basi ikaima inkakula ngati nyumba, ndipo kunsi kwake ankaona mapazi a anthu otsikira mbali inayo. Msewu wonse ndi kutambalala kwake unali kachigawo kochepa, pamene thambo linatenga malo aakulu. Mzimayi wina ankaotcha chimanga chapatali pang'ono, ndipo iye anaona kuti utsi unkakwera patsogolo pa nkhope yake penipeni, moti chilichonse chimene mzimayiyo ankaona ankachionera mu utsiwo.

Anabwerera kunyumba buluku lili mbuu, n'kukhala pa kompyuta yopanda kanthu. Ulendo uno dzanja silinathamange. Analemba mzere wa maso m'munsi, pafupi ndi pansi. Kadontho sanakaike pakati pa msewu, anakakankhira kumbali, molingana ndi pamene pankakhala saka. Anatulutsa ukonde watsopano, mzere ndi mzere, ndipo ngakhale mtima unkamuuza kuti fulumira, sanadumphe ndi umodzi womwe. Ankadziwa kuti akalakwitsanso apa, mwayi wina sudzapezeka.

M'mawa uliwonse akamapereka moni kwa mayi ake ankayang'ana kumene akulozetsa nkhope. Tsiku lina mayiwo anamuyankha akuyang'ana chitseko, iye ali mbali ina. Diso lakumanzere linali litatseka. Anabwerera pa kompyuta misozi ili m'maso, n'kupitiriza kuimika zipilala.

Mkazi wake atamuuza kuti diso lotsalalo layamba kulephera kusiyanitsa nyemba ndi miyala, iye anadziwa kuti nthawi yokongoletsa palibe. Anasindikiza chimene chinalipo. Kunena zoona, mukanachiona inu mukanati sichinathe. Kumwamba mizere ya ukonde inkaonekabe. Anthu analibe nkhope. Munali miyendo, zitenje, mabuluku ndi matayala. Zipilala za khonde zinakwera ngati mitengo, ndipo denga linkaoneka kunsi kwake, mitanda ndi malata adzimbiri. Kuwala kwa madzulo kuja kunalibe. Chokongoletsa chinali chimodzi chokha: m'munsi mwenimweni munkaoneka mlomo wa mbaula, ndipo utsi wake unkakwera n'kuphimba tauni yonse pang'ono. Mayi ake sanawajambulemo. Chakumanja, pafupi kwambiri, kunkabwera tayala lakutsogolo la njinga yonyamula thumba.

Anakhala pamphasa pambali pa mayi ake. Mkazi wake anagwira pepalalo, ndipo iye anamuuza kuti atsitse, atsitsebe, mpaka mzere wa maso wa pachithunzi utalingana ndi diso la mayiwo.

Mayiwo anafufuza ndi diso lawo limodzilo. Mutu unkayenda pang'onopang'ono, kuchokera pa utsi kukwera ndi chipilala, kutsika, kupita kumanja.

Kenaka diso lija linafika pa tayala la njinga, ndipo mayiwo mwadzidzidzi anapinda miyendo, kubweza mapazi kuti angapondedwe.

Atazindikira chimene achita, anaseka. Anaseka mpaka misozi inatsika, ndipo kusekako kunasanduka kulira.

"Anthu a njinga a pamenepa!" anatero. "Analibe maso. Zala zangazi zinaona zinthu."

Anagwira dzanja la mwana wawo n'kulikokera papepala.

"Sendera kuno ndikuonetse kwathu. Kuseri kwa chipilala ichi ndi kumene ndinkakugoneka uli khanda, chifukwa mthunzi unkafika pamenepa masana. Apa m'pamene ndinkaonera basi. Sindinkayang'ana kumwamba ayi, ndinkaona mapazi kunsi kwake, n'kudziwa kuti lero atsika ambiri, ndiike chimanga china pamoto."

Analankhula mpaka dzuwa linapendeka, chala chikuyenda papepala, ndipo mwana wawoyo anamva zinthu za moyo wa mayi ake zimene anali asanazimvepo. Mvula yoyamba isanagwe chaka chimenecho, diso lija linatseka. Koma anali ataona.

Tsono inu, mverani. Utsi, chifunga ndi kuwala mudzaziphunzira, n'zosavuta, ndipo anthu adzakuomberani m'manja chifukwa cha zimenezo. Koma musanalembe mzere woyamba, imitsani dzanja mudzifunse kuti maso amenewa ndi a yani, ndipo mwini wake waima kapena wakhala pati. Mukapanda kufunsa, dzanja lidzaika maso anu omwe, ndipo mudzajambula tauni yanu n'kumadabwa kuti mwini wake sakuidziwa. Ndipo tsiku limene mudzazindikire kuti mzerewo munauika polakwika, musadzanyengerere chithunzicho chifukwa munachivutikira. Mudzafufute, mudzapite kumene munthuyo amakhala, mudzakhale pansi pomwepo ngakhale akusekeni, n'kuyambanso nthawi ikadalipo.